Katemera wobwereza amasintha chiyani munthu akagwidwa ndi kachirombo ka m'njira yopumira?

Mayi Wosamalira Makolo:
Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi funso limene landisowetsa mtendere kwa milungu ingapo, ndipo ndikupempha amene mumadziwa za umoyo kuti mundiyankhe mosabisa kanthu. Bambo anga ali ndi zaka 74 ndipo amadwala matenda a shuga. Anabayitsa katemera wa COVID-19 kawiri kalekale, ndipo miyezi inayi yapitayo ndinawakakamiza kuti akabayitse wobwereza ngakhale iwo sankafuna. Mwezi watha anayamba kutentha thupi, kutsokomola ndi kumva zilonda pakhosi, ndipo titakayezetsa anawapeza ndi kachirombo komweko. Anagona masiku atatu, lachinayi anayamba kudya, ndipo pofika tsiku lachisanu ndi chimodzi anali akuyendayenda pakhomo. Ndikuyamika kuti anachira, koma abale ena akundinena kuti ndinazunza munthu wamkulu ndi jakisoni pachabe, popeza matenda amene tinkathawawo anawagwirabe. Kodi katemera wobwereza ntchito yake ndi yotani ngati munthu akudwalabe?

Namwino:
Pepani ndi matendawo, mayi, ndipo tithokoze kuti bambo adzuka. Funso lanuli ndimalimva kawirikawiri, ndipo chimene chimatisokoneza ndi chakuti timaphatikiza nkhani ziwiri zosiyana. Yoyamba ndi yakuti kachirombo kalowa m'thupi kapena ayi. Yachiwiri ndi yakuti, kakalowa, kafika pati ndipo kakhala masiku angati. Pa nkhani yoyambayo katemera wobwereza amathandiza kwa miyezi yochepa chabe, koma mphamvu yake yaikulu ili pa yachiwiriyo.

Ndikukumbutseni mmene matendawa ankayendera mwa anthu osabayitsa m'chaka cha 2020 ndi 2021. Sabata yoyamba inkafanana ndi chimfine, ndipo ambiri ankachirira pomwepo. Koma ena, makamaka okalamba ndi odwala shuga kapena mtima, pofika tsiku la 7 mpaka la 10, nthawi imene achibale ankaganiza kuti zoopsa zadutsa, ankayamba kubanika, chifukwa kachirombo kanali katatsikira m'mapapo ndipo thupi linali likulimbana nako mopyola muyeso mpaka mapapowo kutupa. Amenewo ndi amene tinkawalandira mpweya wa okosijeni utatsika m'magazi mwawo kufika pansi pa 90 peresenti. Bambo anu, malinga ndi msinkhu wawo ndi shuga wawoyo, ali m'gulu lenileni limene sabata yachiwiriyo inkaliopsa, koma inu mukuti sabata yoyamba isanathe anali atadzuka. Abale anuwo ayang'ane pamenepo.

Mphunzitsi wa Sayansi:
Ndiwonjezere pa mawu a anamwino pofotokoza chifukwa chake masikuwo ali ofunika chotero. Kachirombo kakalowa m'mphuno kamalowa m'maselo a m'menemo n'kuwasandutsa malo oberekera, ndipo m'masiku awiri kapena atatu kamakhala katachulukana kwambiri. Thupi limene silinakaonepo limafunika sabata imodzi kapena ziwiri kuti lipeze maselo oyenera, liwachulukitse, n'kuyamba kupanga ma antibody okwanira, amene ndi timapuloteni tomata pa kachirombo kuti kalephere kulowa m'selo. Masiku onsewo kachirombo kamakhala kakuyenda popanda wokaletsa wodziwa nkhope yake. Thupi limene linakaphunzira kale limakhala ndi maselo okumbukira, a mtundu wa B amene amapanga ma antibody, ndi a mtundu wa T amene amapha selo lililonse limene lalowedwa, ndipo amenewa amadzuka m'masiku owerengeka.

Tsono katemera wobwereza amachita zinthu ziwiri. Choyamba, amakweza msanga ma antibody amene anali atachepa m'magazi, ndipo ichi ndi chimene sichikhalitsa. Chachiwiri, chimene anthu sachitchula kawirikawiri, amanola maselo okumbukira aja. M'khwapa, m'khosi ndi m'mphechepeche muli timaanabere tija timene timatupa munthu akakhala ndi chilonda, ndipo m'menemo maselo a B amapikisana kwa milungu ndi miyezi: amene ma antibody ake agwira kachirombo mwamphamvu ndi amene amapatsidwa mpata wochulukana, ofooka n'kufa. Thupi likaonetsedwanso chithunzi cha kachirombo patapita miyezi, mpikisanowo umayambiranso, ndipo otsalawo amakhala ogwira mwamphamvu komanso otha kuzindikira kachirombo ngakhale kasintheko maonekedwe. Ichi n'chifukwa chake anthu ena amamva mwanabere m'khwapa mwa mkono umene abayitsa.

Bambo Wofunsa:
Aphunzitsi, mwafotokoza momveka, koma mundilole nditsutse, osati mwachipongwe ayi, koma chifukwa ndikufuna kumvetsa. Katemera wa chikuku mwana amabayidwa kawiri basi, ndipo amatetezeka moyo wake wonse. Chikuku nachonso chimalowera m'njira yopumira. Ngati maselo okumbukira ali ochenjera monga mukunenera, n'chifukwa chiyani wa COVID-19 ndi wa chimfine cha influenza amafuna kubwerezabwereza? Kwa ine zikuoneka ngati katemera ameneyu ndi wosalimba, ndipo kubwerezako ndi njira yobisira kusalimbako.

Wa ku Labotale:
Funso limeneli ndi loyenera, bambo, ndipo yankho lake lili mu kachirombo kuposa mu katemera. Kachirombo ka chikuku kamalowera m'mpweya, zoona, koma kuti munthu adwale kayenera kuyenda ulendo wautali kudzera m'maanabere ndi m'magazi, ndipo pamapita masiku 10 kapena kuposerapo zizindikiro zisanaoneke. Nthawi imeneyo ndi yokwanira kuti maselo okumbukira adzuke n'kukathetsa munthu asanamve kanthu, komanso m'magazi mmene kamadutsamo ndi mmene muli ma antibody ochuluka. Kuwonjezera apo, mbali za kachirombo ka chikuku zimene ma antibody amagwira sizisinthasintha, n'chifukwa chake katemera wobayidwa kawiri amateteza pafupifupi anthu 97 pa 100 alionse.

Kachirombo ka COVID-19 ndi ka chimfine sikafunika ulendo wotero. Kamaberekana pomwepo pakhungu lonyowa la m'mphuno ndi kukhosi, ndipo munthu amayamba kudwala msanga: mtundu woyamba wa COVID-19 unkatenga masiku pafupifupi asanu, mtundu wina wotchedwa Omicron masiku atatu, chimfine masiku awiri. Maselo okumbukira, ngakhale afulumire, amafika kachirombo katayamba kale. Pali chinanso. Jakisoni wa pamkono amapangitsa makamaka ma antibody otchedwa IgG, amene amayenda m'magazi ndipo amafika bwino m'mapapo, chifukwa timatumba ta mpweya ta m'mapapo tazunguliridwa ndi timitsempha tambirimbiri ta magazi. Koma m'mphuno mlonda wamkulu ndi mtundu wina wotchedwa IgA, umene umapezeka m'mamina ndi m'malovu, ndipo jakisoni saupangitsa wochuluka. Choncho munthu wobayitsa amakhala wotetezeka bwino kumunsi m'mapapo kuposa kumtunda m'mphuno. Angathe kuyetsemula, kumva zilonda pakhosi ndi kutentha thupi, koma chibayo osachiona.

Wophunzira Udokotala:
Ndiike manambala kuti tisamangokamba za maganizo. Dziko la Israel ndi limene linayamba kupereka katemera wachitatu kwa anthu ambiri, kumapeto kwa Julayi 2021, kuyambira a zaka 60 kupita m'tsogolo amene anali atatha miyezi isanu chibayitsire wachiwiri. Nthawiyo mtundu wa Delta ndi umene unkafala. Ofufuza atayerekeza magulu awiriwo, anapeza kuti patadutsa masiku 12 chibayitsire, chiwerengero cha ogwidwa ndi kachirombo chinali chochepa nthawi 11 mwa obayitsa katatu poyerekeza ndi obayitsa kawiri, ndipo cha odwala modetsa nkhawa chinali chochepa pafupifupi nthawi 20.

Kenaka kunabwera Omicron, amene dziko la South Africa linamulengeza ku bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO pa 24 Novembala 2021. Mtundu umenewu unali utasintha m'malo oposa 30 pa puloteni ya spike, imene ndi minga imene kachirombo kamagwirira selo, komanso imene katemera amaphunzitsa thupi kuizindikira. Ku England anapeza kuti katemera wa Pfizer wobayidwa kawiri ankachepetsa chiopsezo chodwala Omicron ndi pafupifupi 65 peresenti m'milungu yoyambirira, koma patapita milungu 25 chitetezocho chinali chitatsikira pansi pa 10 peresenti. Wachitatu anachibwezera pa 67 peresenti, ndipo patapita milungu 10 chinali chitatsikanso kufika pa 46 peresenti. Manambala amenewa ndi a kudwala kulikonse, ngakhale kwa chifuwa chopepuka. Chitetezo choti munthu asagonekedwe m'chipatala chinali chokwera kuposa apa ndipo chinkatsika pang'onopang'ono.

Bambo Wofunsa:
Achimwene, manambala anuwo akundivomereza ine. Kuchoka pa 67 kufika pa 46 m'milungu khumi yokha! Ndiye munthu azibayitsa miyezi itatu iliyonse? Komanso ndili ndi chikayiko china. Anthu amene amathamangira kukabayitsa kachitatu kawirikawiri ndi osamala za umoyo wawo, amene amamwa mankhwala awo mokhulupirika ndi kupita kuchipatala msanga, pamene wodwala kwambiri amene sangathe n'kudzuka komwe sapita kukabayitsa. Kodi si zotheka kuti chimene mukuchitcha mphamvu ya katemera ndi kusiyana kwa anthuwo chabe?

Wophunzira Udokotala:
Pa mfundo yachiwiriyo mwalasa, bambo, ndipo ofufuza eniake amaidandaula. Kusiyana kwa anthu kumeneko kumakometsa manambala ena kuposa mmene zilili, makamaka a imfa, ndipo wowerenga aliyense ayenera kukhala tcheru. Njira imodzi yochepetsera vutoli, imene a ku England anagwiritsa ntchito, ndi kutenga anthu okhaokha amene anadwala n'kupita okha kukayezetsa, kenaka n'kuyerekeza katemera wa amene anapezeka ndi kachirombo ndi wa amene sanapezeke nako. Potero onse amakhala anthu ofanana pa khalidwe lopita kuchipatala. Koma umboni wolimba kwambiri ndi wa kafukufuku amene anthu amagawidwa mwamaere, ena kulandira katemera, ena madzi amchere, popanda wodziwa chimene walandira. Kampani ya Pfizer inachita zotero ndi anthu pafupifupi 10,000 obayitsa kale kawiri, nthawi ya Delta, ndipo wachitatu anachepetsa kudwala ndi pafupifupi 95 peresenti m'miyezi yoyambirira. Pamenepo kusiyana kwa khalidwe kunalibe malo.

Pa mfundo yoyamba sindikuvomerezani. Kutsika kumeneko ndi kwa ma antibody a m'magazi, amene mwachibadwa amachepa pakapita miyezi pa matenda alionse. Maselo a T sayendera mzere umenewo. Ofufuza a ku University of Cape Town anayeza magazi a anthu obayitsa ndi odwalapo kale, n'kupeza kuti 70 mpaka 80 peresenti ya mphamvu ya maselo a T inkazindikirabe Omicron, pa nthawi imene ma antibody ambiri anali atalephera. Chifukwa chake n'chakuti antibody amayang'ana malo ochepa a pamwamba pa minga ija, pamene maselo a T amazindikira tiziduswa tambiri ta puloteni yonse, ndipo kachirombo sikangasinthe tonse nthawi imodzi. Maselo a T saletsa kachirombo kulowa, ntchito yawo imayamba katalowa kale, ndipo n'chifukwa chake chitetezo cha mapapo chimakhalitsa kuposa cha mphuno.

Mayi Wosamalira Makolo:
Ndikutsatira zonse ndipo ndikuthokoza. Koma pali mawu amodzi amene mlamu wanga amabwerezabwereza, akuti anamva kuti m'zipatala zina odwala ambiri ogonekedwa anali obayitsa. Zimenezi zikugwirizana bwanji ndi zomwe mukunenazi?

Mphunzitsi wa Sayansi:
Zingathe kukhala zoona, mayi, popanda kutsutsana ndi zomwe tanenazi, ndipo masamu ongoyerekeza angationetse. Tinene kuti pali okalamba 1,000, ndipo 900 mwa iwo anabayitsa, 100 sanabayitse. Tinenenso kuti mwa osabayitsa, 10 pa 100 alionse agonekedwa, ndiye kuti anthu 10. Mwa obayitsa agonekedwa awiri okha pa 100 alionse, koma popeza alipo 900, onse pamodzi akwana 18. Wolowa m'chipindamo adzawerenga obayitsa 18 ndi osabayitsa 10, n'kutuluka akunena kuti katemera sagwira ntchito, chonsecho chiopsezo cha wobayitsa ndi chochepa kasanu. Kuwerenga amene ali pabedi sikokwanira ngati sitidziwa kukula kwa gulu limene achokera. Tikumbukirenso kuti amene amayamba kupatsidwa katemera wobwereza ndi okalamba ndi odwala kale, amene ngakhale atatetezedwa amakhalabe pa chiopsezo choposa cha mnyamata wathanzi.

Wa ku Labotale:
Ndibwerere ku funso loyamba lija, la mmene matenda amayendera tsiku ndi tsiku, chifukwa pali zimene zinayezedwa. Ku United Kingdom anthu ambiri ankalemba zizindikiro zawo tsiku lililonse pa foni mu kafukufuku wotchedwa ZOE. Pa nthawi ya Omicron, obayitsa kawiri ankadwala masiku pafupifupi asanu ndi atatu, pamene obayitsa katatu ankadwala masiku opitirira anayi pang'ono. Masiku a bambo a mayiwa akufanana ndi amenewa.

Za kuchuluka kwa kachirombo m'mphuno n'zofunika kuzimva bwino, chifukwa zinasokoneza anthu m'chaka cha 2021. Makina a PCR amawerenga tizidutswa ta chibadwa cha kachirombo, kaya kali moyo kaya kanafa kale, ndipo pa masiku oyambirira obayitsa ndi osabayitsa ankaoneka ofanana. Ena anafulumira kunena kuti katemera sasintha kanthu. Koma poyeza munthu yemweyo tsiku ndi tsiku, zinaoneka kuti mwa obayitsa kachirombo kamatsika msanga kakafika pachimake. Ofufuza a ku Geneva anapita patsogolo, anatenga mamina n'kuwathira pa maselo amoyo m'labotale kuti awerenge tizirombo totha kupatsirana tokha, ndipo pa Omicron anapeza kuti tinali tochepa mwa obayitsa katatu, koma osati mwa obayitsa kawiri. Komabe kuchepa si kusowa. Wobayitsa akadwala angathe kupatsira mnzake, ndipo ayenera kudzipatula ndi kuvala masiki pafupi ndi okalamba monga wina aliyense.

Chinthu china chimene chimadabwitsa anthu ndi chakuti wobayitsa nthawi zina amayamba kumva kutentha thupi ndi kuphwanya m'thupi msanga kwambiri, mwina makina oyezera mwachangu asanaonetse kanthu. Zizindikiro zambiri zoyambirira ndi ntchito ya chitetezo chimene chazindikira mdani, osati chizindikiro chakuti kachirombo kapambana.

M'bale Wanu:
Ine ndimamwa ma ARV kwa zaka khumi tsopano, ndipo ndakhala ndikuwerenga mwachidwi za maselo a T, popeza CD4 imene amatiyeza ndi yomweyo. Kodi zonse mwanenazi zikundikhudza mofanana ndi ena, kapena kwa ife katemerayu ndi wongotaya nthawi?

Namwino:
Si wotaya nthawi ngakhale pang'ono, m'bale wanga. Mwanena zoona kuti CD4 ndi mtundu wa maselo a T, ndipo ndi amene amathandiza maselo a B pa mpikisano umene aphunzitsi anafotokoza uja. Munthu amene akumwa mankhwala mokhulupirika, kachirombo ka HIV kali kochepa kwambiri m'magazi ndipo CD4 yake ili bwino, thupi lake limayankha katemera pafupifupi mofanana ndi wina aliyense. Amene CD4 yake ili pansi pa 200 amayankha mofooka ndipo chitetezo chake chimatha msanga. Chimodzimodzi amene akulandira mankhwala a khansa, kapena amene anaikidwa impso ya munthu wina ndipo amamwa mankhwala ofooketsa chitetezo. Kwa oterewa jakisoni wachitatu sawerengedwa ngati wobwereza, koma ngati womalizitsa phunziro loyamba limene thupi silinaligwire bwino, ndipo ambiri amene analibe ma antibody atabayitsa kawiri anayamba kukhala nawo atabayitsa kachitatu. Amene chitetezo chawo ndi chofooka ndi amenenso kachirombo kamakhalitsa m'thupi mwawo, nthawi zina milungu yambiri, choncho ndi amene amapindula koposa.

Izi zikuyankhanso bambo anafunsa za kubayitsa miyezi itatu iliyonse aja. Palibe amene akulangiza zimenezo. Mu Malichi 2023 akatswiri olangiza bungwe la WHO pa za katemera anagawa anthu m'magulu, ndipo ananena kuti okalamba, a matenda aakulu monga shuga ndi mtima, a chitetezo chofooka, amayi oyembekezera ndi ogwira ntchito zachipatala ndi amene ayenera kubwereza, patapita miyezi 6 mpaka 12 malinga ndi gulu. Kwa wamkulu wathanzi amene sanakalambe, amene anabayitsa kale oyamba aja ndi wobwereza mmodzi, sanalangize kuti azibwereza nthawi ndi nthawi.

Bambo Wofunsa:
Pamenepo ndiye mwandifika pamtima, anamwino, chifukwa chimene chimandinyansa ndi uthenga wonena ngati aliyense ali pa chiopsezo chofanana. Ndili ndi funso lomaliza. Ndinawerenga kuti thupi likaonetsedwa chithunzi chimodzimodzi kangapo limakakamira pa chithunzicho, mwakuti kachirombo kakasintha limapangabe zida za kachirombo kakale. Ngati zili choncho, kubwereza sikungathe kuononga m'malo mothandiza?

Wophunzira Udokotala:
Chimene munawerengacho chilipo ndithu, ndipo si chatsopano. Thomas Francis Jr., katswiri wa za chimfine wa ku America, analemba za icho mu 1960, ataona kuti munthu amasunga moyo wake wonse ma antibody amphamvu a mtundu wa chimfine umene anakumana nawo koyamba ali mwana, ndipo akakumana ndi mtundu wina wofanana nawo thupi limayamba ladzutsa akalewo. Pa COVID-19 zinaonekanso. Mu 2022 kunapangidwa katemera wa mbali ziwiri, wokhala ndi chithunzi cha kachirombo koyamba ndi cha Omicron pamodzi, ndipo ma antibody a Omicron sanakwere monga anthu ankayembekezera, chifukwa thupi linkathamangira chithunzi chakale chimene linkachidziwa. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene mu 2023 chithunzi chakalecho chinachotsedweratu, n'kutsala cha mtundu wa Omicron wotchedwa XBB.1.5 chokha, ndipo mu 2024 anasinthiranso ku banja lina la Omicron lotchedwa JN.1.

Koma tisiyanitse kupindula pang'ono ndi kuonongeka. Kukakamira pa chithunzi chakale kumachepetsa phindu la katemera watsopano pa nkhani yoletsa kachirombo kulowa. Koma zambiri mwa zida zakalezo zimagwira mbali za kachirombo zimene sizinasinthe, ndipo zimenezo zimathandizabe kufupikitsa matenda. Umboni wake ndi womwe ndinatchula uja: katemera wachitatu wa mu 2021 anapangidwa kuchokera ku kachirombo koyamba ka ku Wuhan, komabe magazi a obayitsa katatu ankatha kugwira Omicron kuposa kwambiri a obayitsa kawiri.

Mphunzitsi wa Sayansi:
Chimfine chimatiphunzitsa zomwezi, ndipo chakhala nafe nthawi yaitali. Ndikunena chimfine cha influenza, chimene bungwe la WHO limati chimapha anthu pakati pa 290,000 ndi 650,000 chaka chilichonse kudzera m'matenda a m'njira yopumira, osati chimfine wamba cha mamina. Kachirombo kake kamasintha pang'onopang'ono chaka ndi chaka, mwakuti bungweli limakumana kawiri pachaka kusankha mitundu yoika mu katemera, mu Febuluwale posankhira maiko a kumpoto kwa dziko lapansi, mu Sepitembala posankhira a kumwera. M'chaka chimene kusankhako kwayenda bwino, katemerayu amachepetsa kudwala ndi 40 mpaka 60 peresenti, ndipo zaka zina amachepera pamenepo. Wina angaone ngati ndi zochepa, koma nkhani yake ndi yomwe ija ya anamwino: wokalamba amene chimfine chikanamugwetsera m'chibayo, kapena kudzutsa matenda ake a mtima, amadwala masiku angapo kunyumba.

Mayi Woyembekezera:
Pepani kulowerera mochedwa. Ndili ndi pakati pa miyezi isanu, ndipo ndaona kuti anamwino atitchula pa gulu loyenera kubwereza. Ine ndimaganiza kuti nthawi ino ndi yopewa jakisoni aliyense wosafunikira. Mungandifotokozere chifukwa chake?

Namwino:
Zifukwa ndi ziwiri, achemwali. Mimba ikakula imakankhira m'mwamba ndipo mapapo amasowa malo otambasukira, mtima umagwira ntchito yoposa, komanso chitetezo cha m'thupi chimasintha kuti chisakane mwana. Choncho COVID-19 kapena influenza, imene mukanaipirira mosavuta nthawi ina, ingathe kukufikitsani pobanika kapena kuyambitsa kubereka masiku asanakwane. Chifukwa chachiwiri ndi mwanayo. Ma antibody a IgG amene a ku labotale anatchula amadutsa kuchoka m'magazi a mayi kupita kwa mwana ali m'mimba, makamaka m'miyezi itatu yomaliza, ndipo amamuteteza m'miyezi yoyamba atabadwa, nthawi imene iye sangalandire katemera wa matenda amenewa, popeza amayambira pa miyezi isanu ndi umodzi. Nzeru yomweyi ndi imene ikugwira ntchito pa katemera wa RSV, kachirombo kamene kamatsekereza tinjira ta mpweya ta makanda. Dziko la America linavomereza mu 2023 katemera wake wa amayi oyembekezera, wobayidwa pakati pa sabata ya 32 ndi ya 36. Mitundu ya katemera wobaya imene ndatchulayi ilibe kachirombo kamoyo koti n'kuberekana mwa inu kapena mwa mwana. Kambiranani ndi amene amakuyezani kusikelo kuti akuuzeni amene alipo ndi nthawi yoyenera.

Mayi Wosamalira Makolo:
Ndamva tsopano chimene ndikawauze abale anga, ndipo mtima wanga wakhala pansi. Ndifunse zoti ndichite kutsogoloku. Popeza bambo angodwala kumene, kodi abayitsenso liti? Ndipo akadzadwalanso, ndidzadziwa bwanji kuti nthawi ino katemera sanakwanitse?

Namwino:
Kudwala kumene kwadutsaku nakonso kwadzutsa chitetezo chawo, ndipo kwawonjezera IgA ya m'mphuno imene jakisoni sapereka yochuluka, choncho palibe chothamangira. Malangizo a ku America amalola munthu kudikira miyezi itatu chidwalire asanabayitsenso, ndipo popeza bambo anabayitsa miyezi inayi yapitayo, nthawi yawo sinakwane n'komwe. Ikadzakwana, asadzabayitse thupi likutentha, ndipo mukumbukire kuti pamapita sabata imodzi kapena ziwiri kuti mphamvu yake ikwere. Kupweteka kwa mkono, kutopa ndi kutentha thupi pang'ono kwa tsiku limodzi kapena awiri n'zoyembekezereka. Kutupa kwa mnofu wa mtima kumene kunanenedwa pa katemera wa mtundu wa mRNA, monga wa Pfizer, kumachitika mwa apo ndi apo, makamaka mwa anyamata ndi amuna achichepere atabayitsa wachiwiri, koma aliyense womva kupweteka pachifuwa m'masiku otsatira apite kuchipatala.

Akadzadwalanso, lembani tsiku limene zizindikiro zayamba ndipo muziwerenga masiku. Musadikire kuti muone ngati katemera agwira ntchito, chifukwa pa msinkhu wawo pali mankhwala olimbana ndi kachirombo amene amathandiza pokhapokha ayambidwe msanga: Paxlovid wa COVID-19 m'masiku asanu oyamba, oseltamivir wa influenza makamaka m'maola 48. Paxlovid amasemphana ndi mankhwala ena a mtima ndi a mafuta a m'magazi, choncho mukatenge mankhwala onse amene bambo amamwa kuti adokotala awaone. Muziyeza shuga pafupipafupi, popeza amakwera munthu akadwala. Mukaona kuti akupuma mofulumira kufika ka 30 pa mphindi, akulephera kumaliza chiganizo osapumira, asokonezeka mutu, milomo yasintha mtundu, kapena kutentha thupi kunatha kenaka kwabwereranso m'sabata yachiwiri, musadikire kuti kuche. Ngati muli ndi kachipangizo ka pachala koyezera okosijeni, 92 peresenti kutsika pansi ndi chifukwa chokwanira chonyamukira, ngakhale iwo akunena kuti akumva bwino, chifukwa pa matendawa mpweya ungathe kutsika munthu asanayambe kumva kubanika.

Bambo Wofunsa:
Ineyo ndili ndi zaka 36, ndilibe matenda alionse, ndinabayitsa katatu ndipo ndinadwalapo kamodzi, choncho pakali pano sindibwereza. Koma mayi anga ali ndi zaka 70 ndipo amamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, ndipo ndine amene ndinawaletsa chaka chatha. Anamwino, kodi wa COVID-19 ndi wa influenza angabayitse tsiku limodzi, kapena ndiwaperekeze kawiri?

Namwino:
Angabayitse tsiku limodzi, bambo, wina mkono wamanja, wina wamanzere. Atenge khadi lawo la katemera kuti aone tsiku limene anabayitsa komaliza.